Ulendo wa ku Bwinjimfumu: Kulondola Mapazi a Nyuzi ya The Post

Mwezi watha, pokonza m'bokosi lacitsulo m'mene timasungira mabuku akale a katekisimu, tinapezamo kaundula wa ophunzira za ubatizo wa caka ca 1996. Kaundulayo tinamkutira ndi pepala la nyuzi monga tinali kucitira masiku amenewo, ndipo pepalalo, ngakhale lafiira ndi ukalamba, likali kuonetsa dzina lake pamwamba: The Post. Mwana wathu wotsiriza, amene ali mu Giredi 8, analiyang'ana nafunsa kuti, "Atate, nanga nyuzi imeneyi amagulitsa kuti? Ine sindinaionepo."

Funso limenelo linatilasa mtima. Nyuzi imene kwa zaka 25 inali kudzutsa Lusaka m'mamawa, imene inali kukanganitsa anthu m'minibasi ndi kusowetsa tulo akuluakulu a boma, lero mwana wa m'nyumba mwathu saidziwa ndi dzina lomwe. Tsono tinapangana kuti pa Ciweru tiyende naye, kulondola njira imene nyuziyo inali kudzera pobwera kwathu ku Kanyama. Koma ife tinaiyenda cobwerera, kucokera ku komboni kukafika pa mseu wa Bwinjimfumu ku Rhodes Park, kumene kunali likulu lake.

Ku Kanyama

Tinanyamuka itangotha Misa ya m'mamawa. Nthawi imeneyo Kanyama amakhala atadzuka kale. Amai ali pa mzere wa madzi ndi zigubu zao, utsi wa mbaula uli tolotolo, ogulitsa vitumbuwa akhala m'mbali mwa mseu, ndipo anyamata a mawilibala athamangira ku msika wa Soweto kukanyamula katundu. Tinayamba taima pa kantemba kena kamene kale kanali ka mkulu wina wometa tsitsi. Pamenepo ndipo panali bwalo la nyuzi la cigawo cathu. Kwa munthu wa m'komboni, kugula nyuzi tsiku ndi tsiku kunali kupikisana ndi kugula pamela ya unga wa ana. Motero anthu anali kusonkherana nagula imodzi, wometayo naisunga, ndipo pofika madzulo inali itafewa ngati nsalu cifukwa ca manja ambirimbiri amene inadutsamo.

Nyuziyo inali ya Cingerezi, pamene ambiri mwa makolo athu sukulu anailekera panjira. Apa ndipo ife amene tinaphunzira ku mishoni tinapatsidwa nchito imene sitinaipemphe, yowerenga mokweza ndi kumasulira m'Cinyanja. Womasulira ali ndi mphamvu yoopsa, pakuti angathe kuthira tsabola pa nkhani omvera osadziwa. Tivomere pamaso panu, awerengi okondedwa, kuti kangapo konse tinagwa m'ciyeso cimeneci. Nkhani ikakhala yodzudzula munthu amene sitinali kumkonda, tinali kuikometsa, koma ikakhudza wa kumtima kwathu, ndime zina tinali kuzilumpha.

Kuti mwana amvetse cifukwa cake pepala wamba linali kukoka anthu ngati uci, tinamfotokozera za nthawi ya cipani cimodzi, imene inayamba mu December 1972. Nyuzi za tsiku ndi tsiku zinali ziwiri, Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail, ndipo zonse ziwiri zinadzakhala m'manja mwa cipani ndi boma lake. Ya Cinyanja, yochedwa Tsopano, inali ya boma lomwelo. Mau osiyanako anali kumveka mu National Mirror, imene mipingo ya Cikristu, pamodzi ndi mabishopu athu, inayambitsa mu 1972.

Mu June 1990 mtengo wa unga unakwera koposa kawiri. Ophunzira a pa University of Zambia anatuluka m'mseu, anansi ao a ku Kalingalinga ndi Mtendere nawatsatira, cipolowe nicifalikira m'makomboni, ndipo anthu oposa 20 anataya miyoyo. Pa 30 June msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti boma lagwa, ndipo anthu anavina m'miseu kwa maola ocepa mpaka cinadziwika kuti boma likalipo. Mwezi wotsatira mabishopu athu analemba kalata yonena za cuma, ndale ndi cilungamo, ndipo mu December a Kenneth Kaunda anasaina lamulo lolola zipani zambiri. M'nthaka yotipulidwa motere ndimo munamera Weekly Post, imene inatuluka koyamba mu July 1991. Anaiyambitsa ndi a Fred M'membe, mbadwa ya ku Mongu imene inaphunzira za kuwerengera ndalama, pamodzi ndi atolankhani a Mike Hall, a John Mukela ndi a Masautso Phiri. Patapita miyezi itatu, pa 31 October, a Frederick Chiluba ndi cipani ca MMD anapambana masankho.

Pa Cairo Road

Minibasi inatitenga pa mseu wa Los Angeles nikatitula ku City Market. Kucokera apo tinayenda pansi, kudutsa Lumumba Road, Freedom Way ndi Cha Cha Cha Road, mpaka tinafika pa Cairo Road pafupi ndi positi yaikulu. Pamenepo tinakumana ndi mdala wina wa ku Chawama amene tinadziwana naye kalekale ali wogulitsa nyuzi. Lero agulitsa zikwama ndi nthambo za mafoni.

"Aphunzitsi, mwasowa! Kodi uyu ndi wanu?" anatero akugwira mwanayo pa phewa. Titawauza za ulendo wathu anaseka napukusa mutu. "Iwe mwana, ife tinali kudzuka nkhuku zisanalire kukalandira mitolo. Dzuwa likangokwera pang'ono, Post yatha, anthu atsala akupempha ngakhale yong'ambika."

Tinamsonyeza mwanayo m'mene nyuzi zinali kuyalidwira pansi, iliyonse ndi kamwala pamwamba kuopa mphepo ya mu August. Anthu opita ku nchito, ocokera ku Matero, ku George, ku Chawama ndi kwathu ku Kanyama, anali kuzizinga ataimirira, manja kumbuyo, kuwerenga mitu ya nkhani mosalipira. Wina akayamba kutsutsa, wina namuyankha, ndipo posacedwa pakhala msonkhano. Mlonda wocokera ku nchito ya usiku anali kukangana ndi kalaliki wa tayi, onse ali ofanana pamaso pa pepala limodzi. Kwa anthu amene anakula akuyankhula za boma monong'ona, cimeneci cinali cinthu cacilendo. Cacikulu cimene The Post inaphunzitsa makomboni ndi ici: kuti mtsogoleri angathe kufunsidwa funso masana, dziko osagwa.

Pofika 1996 nyuziyo inali kutuluka masiku onse a nchito, ndipo dzina lake linafupika. Ambiri tinayesa kuti idzakhala bwenzi la boma latsopano, koma sizinatero. Pa 5 February 1996 boma linaletsa nyuzi ya nambala 401, cifukwa inaulula zimene boma linali kukonza m'seri pa nkhani ya malamulo atsopano a dziko, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Mdala uja anatiuza kuti tsiku limenelo anaibisa m'malaya, kugulitsa kwa okhawo amene anali kuwadziwa nkhope. Mwezi womwewo Nyumba ya Malamulo inagamula kuti a M'membe, a Bright Mwape ndi mai Lucy Sichone anainyoza m'zolemba zao. Abambo awiriwo anakhala m'ndende masiku 24 mpaka khoti lalikulu linawamasula, pamene mai Sichone anabisala. Mai amenewa, loya wolimba mtima amene anali kulemba mu nyuziyo sabata ndi sabata, anamwalira mu 1998, ndipo ana athu aakazi ayenera kulidziwa dzina lao.

Pa Church Road

Titatsazikana ndi mdalayo tinalowa Church Road, kukwera mlatho wodutsa pamwamba pa njanji. Podutsa pa polisi yaikulu ya mzinda tinakumbuka kuti kuitanidwa ku polisi kunali ngati mbali ya nchito ya atolankhani a nyuziyi. Mu March 1999 ambiri mwa iwo anagwidwa naimbidwa mlandu waukazitape, cifukwa colemba nkhani yoyerekeza mphamvu za asilikali athu ndi za dziko la Angola. Mlanduwo unatha mu December 2000 pamene khoti linapeza a M'membe osalakwa.

Caka ca 2001 ambiri a inu mucikumbuka. Panamveka zakuti malamulo asinthidwe kuti a Chiluba aimenso kacitatu. Mipingo, maloya ndi mabungwe a amai anagwirizana mu Oasis Forum, anthu navala tinsalu tobiriwira pa cifuwa, oyendetsa galimoto naliza mahutala. The Post inali ng'oma ya gulu limenelo, ndipo mu May a Chiluba analengeza kuti sadzaimanso. Caka comweco nyuziyo inawachula wakuba, ndipo a M'membe anaimbidwa mlandu wonyoza mtsogoleri wa dziko. Mu July 2002, a Levy Mwanawasa ali pampando, Nyumba ya Malamulo inacotsa citetezo ca a Chiluba kuti akaonekere ku khoti. Khoti la ku London linawapeza ndi mlandu wa cuma mu 2007, koma la kuno kwathu linawapeza osalakwa mu 2009. Zonse ziwiri tinamuuza mwanayo, pakuti nkhani ya theka ndi mbale wake wa bodza.

Munalinso zoseketsa. Mlembi wina, a Roy Clarke, odziwika ndi dzina lakuti Kalaki, anali kulemba nthano zofanizira akuluakulu ndi nyama za ku Mfuwe. Mu January 2004 nthano yao ya njovu inakwiyitsa boma kotero kuti linalamula kuti acoke m'dziko, koma makhoti anakana. Ife Acewa, amene tinakulira nthano za Kalulu ndi Njovu, kumasulira nkhani zimenezo sikunali kutivuta konse.

Koma nkhani imene amai a m'makomboni saiiwala ndi ya 2009. Anamwino ali pa sitalaka, mai wina anabereka panja pa cipatala cacikulu ca UTH, mwana namwalira. Mkonzi wa nkhani, mai Chansa Kabwela, sanasindikize zithunzi za tsokalo, koma anazitumiza kwa akuluakulu a boma ndi a mabungwe a amai kuti aone kuzunzika kwa anthu. Malipiro ao anali mlandu wofalitsa zolaula, ndipo mu November caka comweco khoti linawamasula. M'nyuzi yomweyi Bambo Peter Henriot, wansembe wa Cijezuiti, anali kulemba za umphawi ndi cilungamo, ndipo kawirikawiri munali kupezeka mitengo ya zofunika pa banja imene bungwe lao la JCTR limawerengera mwezi ndi mwezi. Pamenepo mai wa ku George anali kuona kuti misozi yake ya pa msika yalembedwa pa pepala limene nduna nazonso ziwerenga.

Pa chalichi ca Ignasio Woyera

Tisanafike ku Bwinjimfumu tinapatukira pa chalichi ca Ignasio Woyera ku Rhodes Park komweko, kuti tipume ndi kupemphera pang'ono. Kumeneku ndiko anali kupemphera a Michael Sata, ndipo dzina lao linatikumbutsa mbali ina ya mbiri imene sitiyenera kuibisa.

The Post sinali ya angelo. Nthawi zina mitu ya nkhani zake inali kulasa munthu koposa kulakwa kwake, ndipo amene inamuda analibe pothawira. Pa masankho a mu September 2011 inaima poyera kumbali ya a Sata, ndipo iwo atapambana, ena mwa atolankhani ake analowa nchito m'boma. Awerengi ambiri anaona kuti liu lija limene linali kubangula layamba kufewa. Pa kantemba kathu ena anasiya kusonkha ndalama ya nyuzi, nati, "Iyi tsopano ndi ya cipani." Akulu anati ukakwera pa msana wa njovu usamati kunja kulibe mame. A Sata anamwalira pa 28 October 2014, a Edgar Lungu nalowa m'malo mu January 2015, ndipo nyuziyo inabwerera ku ukali wake wakale. Koma pamenepo inali itataya cuma cimene sicigulidwa ndi ndalama, ndico cikhulupiriro ca anthu a mbali zonse.

Pa Bwinjimfumu

Bwinjimfumu ndi mseu wa phee, wa mitengo ndi mipanda, wosiyana kutali ndi phokoso la kwathu. Munthu wodutsa sangadziwe kuti pano panali kuphikidwa nkhani zogwedeza dziko. Tinaima m'mbali mwa mseu, ndipo tinamsimbira mwanayo za tsiku la 21 June 2016, pamene a bungwe la misonkho la ZRA anabwera ndi apolisi natseka maofesi ndi makina osindikizira, ponena kuti nyuziyo inali ndi ngongole ya msonkho ya K53 miliyoni. Eni ake anatsutsa ciwerengeroco, nati nkhaniyo ikali m'makhoti. Kunali kutatsala masabata asanu ndi awiri kuti masankho a pa 11 August acitike.

Anchito sanagonje msanga. Anali kukhala panja, m'mbali mwa mseu womwewu, kulemba nkhani pa makompyuta a m'manja, ndipo nyuzi yopyapyala, yosindikizidwa kwina, inali kufikabe pa Cairo Road. Koma mu November 2016 khoti lalikulu linaika kampaniyo m'manja mwa ogulitsa katundu wake, ndipo mabanja mazanamazana anataya pogwira, osawerengera anyamata ogulitsa m'miseu. Pa citsa cake panaphuka The Mast, ndipo ena mwa atolankhani ake anayambitsa News Diggers. Mu February 2022 khoti lalikulu koposa onse linanena kuti kuthetsedwa kwa kampaniyo sikunatsate lamulo. Mu December caka comweco lamulo lija la mlandu wonyoza mtsogoleri wa dziko linafafanizidwa. Koma madzi akatayika saoleka. The Post sinabwerere pa mseu.

Mwanayo anafunsa kuti, "Nanga wolakwa anali ndani, Atate?" Tinamuyankha monga timaphunzitsira m'kalasi la katekisimu. Kupereka msonkho ndi udindo wa nzika iliyonse, ndipo nyuzi siili pamwamba pa lamulo. Komanso lamulo liyenera kukhala muyeso umodzi kwa onse, ndipo ambiri anafunsa ngati onse a ngongole ya msonkho anatsekeredwa cimodzimodzi, ndi cifukwa cake loko anafika masankho ali pakhomo. Cimene cimatiwawa koposa ndi m'mene ife eni tinailandirira nkhaniyo. M'makomboni mwathu ena anakondwa, ena analira, yense monga mwa cipani cake. Ngakhale m'miphakati yathu, Akristu odyera pa guwa limodzi tinagawikana motero. Ocepa okha ndiwo anakumbuka kuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe, ndi kuti pakamwa pamene patsekedwa lero ndi pomwe pakanatilankhulira mawa.

Pobwerera

Tinabwerera ku Kanyama dzuwa litapendeka. Potsika minibasi tinalumpha ngalande zimene m'dzinja zimasefukira kulowa m'nyumba, ndipo tinakumbuka kolera imene inabuka mu October 2017. Mu January 2018 boma linaletsa kuyenda usiku ku Kanyama, misika ina inatsekedwa, ndipo ngakhale kusonkhana m'machalichi kunacepetsedwa. Mu 2024 matendawo anabweranso mwamphamvu, kotero kuti bwalo la masewera la Heroes linasanduka cipatala. M'masiku otero nkhani yoona ndi mankhwala. Atolankhani a nyuzi zina ndi a mawailesi anagwira nchito yao, ndipo tiwayamika. Koma m'mafoni munali kuyenda mphekesera zamitundumitundu, ndipo mabanja ena anacedwa kupita ndi wodwala ku cipatala cifukwa ca mantha a zimene anamva.

Apa ndipo tinazindikira cimene cinatayika. Pa kantemba paja tinali kuwerenga pamodzi. Womasulira akathira tsabola wambiri, panali kupezeka wina wodziwa Cingerezi womudzudzula kuti, "Aphunzitsi, pamenepo sipanalembedwe tero." Ndipo pepalalo linali ndi dzina la mkonzi ndi malo ake, moti wolakwiridwa anali kudziwa khomo logogoda. Lero yense awerenga yekha, ataweramira foni yake, nkhani yosadziwika mwini. Ciyeso cija cimene cinali kugwetsa ife omasulira owerengeka tsopano cili m'thumba la munthu aliyense, pakuti amene atumiza uthenga kwa anzake wakhala mkonzi ndi wogulitsa nyuzi nthawi imodzi. Lamulo lacisanu ndi citatu la Mulungu, loletsa umboni wonama, silinalekere pa khomo la khoti. Lifika ndi pa cala cimene cidina foni.

Tsono, Akristu anzathu, tipemphe zinthu zitatu. Coyamba, banja limene lingathe ligule nyuzi ngakhale kamodzi pa sabata, ndipo iwerengedwe mokweza pamodzi ndi ana, pakuti mtolankhani woona nayenso ali ndi ana ofuna nsima. Caciwiri, tizolowere kumvera ndi mau a amene sitigwirizana nao, ndipo pamene wina atsekedwa pakamwa tisayambe tafunsa kuti ndi wa cipani citi. Cacitatu, pa Sondo yotsogolera Pentekoste, imene Mpingo unaipatula kuyambira mu 1967 kukhala tsiku la zofalitsa nkhani, tiwapempherere atolankhani athu kuti akhale olimba mtima pamaso pa olamulira, ndiponso odzicepetsa pamaso pa coonadi.

Titafika kunyumba mwanayo anapempha kuti timpatse pepala lija. Tinalimasula bwinobwino, kaundula tinamkutira ndi pepala la khaki, ndipo madzulo amenewo, amai ake akupakula nsima, anatiwerengera mokweza nkhani za 1996 namasulira yekha m'Cinyanja. Pa ndime ina anathira katsabola, ndipo tinamuuza kuti abwerezenso.